Muzilimbikira mpaka pati ponyamula zitsulo kuti minofu ikule?

Minofu imakula pamene seti (kunyamula chitsulo kangapo motsatizana musanapume) yafika pafupi ndi polephera, pamene chitsulo chimakana kukwera ngakhale mukankhe ndi mphamvu zanu zonse. Makilogalamu amene mwaika pa bar (ndodo yachitsulo yokolekapo zolemera) ndi ofunika, koma nkhani yaikulu ndi kuti mwasiya seti mutatsala ndi ma rep angati m'thupi (rep ndi kukweza ndi kutsitsa chitsulo kamodzi). Mu 2017 wofufuza za minofu Brad Schoenfeld ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wambiri n'kupeza kuti zitsulo zopepuka ndi zolemera zimakulitsa minofu pafupifupi mofanana, bola seti ifike kumapeto kwenikweni. Zolemera zimangopambana pa nkhani ya mphamvu zonyamulira katundu wamkulu kamodzi. Chifukwa chake anachifotokoza kale wasayansi Elwood Henneman m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960: thupi limayamba kugwiritsa ntchito timaulusi ting'onoting'ono ta minofu, ndipo akuluakulu aja, omwenso amakula kwambiri, limawaitana pokhapokha katundu walemera kapena ting'onoting'onoto tatopa. Mukasiya seti mudakali omasuka, akuluakuluwo amakhala sanagwire ntchito yokwanira.

Choyamba, sankhani kulemera. Za kutenthetsa thupi mukuzidziwa kale. Pa squat (kunjuta ndi kudzuka bar ili pamapewa), bench press (kukankha bar mutagona chagada pa benchi), deadlift (kudzutsa bar kuchokera pansi) ndi zina zogwiritsa ntchito mfundo zingapo za thupi nthawi imodzi, tengani chitsulo chimene mungachikweze pakati pa ka 6 ndi ka 12. Pa zing'onozing'ono monga za akatumba a m'mikono, mapewa ndi akatumba a m'miyendo, ka 10 mpaka ka 20 n'kwabwino. Mutha kufika ka 30 ngati zitsulo zanu n'zopepuka, kungoti seti yotere imawawa ndipo mpweya umatha minofu isanatope.

Chachiwiri, siyani seti mutatsala ndi rep imodzi, awiri kapena atatu. M'majimu mudzamva ena akutchula RPE, muyeso wa kulimbikira pa seti umene Mike Tuchscherer wa ku America anautchukitsa pakati pa onyamula zitsulo. Pa muyesowu 10 ndiye kuti simunatsale ndi kanthu, 9 mwatsala ndi imodzi, 8 mwatsala ndi awiri. Maseti anu ambiri azigwera pa 7, 8 ndi 9. Pa squat ndi deadlift khalani cha pa 7 kapena 8, popeza apa m'pamene msana umapindika munthu akatopa.

Chachitatu n'chimene chimasokoneza ambiri, ndipo ineyo chinandidyera miyezi: kudziwa ngati mwatsaladi ndi awiri. Munthu amanamizidwa ndi thupi lake lomwe. Ku Brazil ochita kafukufuku anafunsa amuna ozolowera jimu kulemera kumene amagwiritsa ntchito pochita ma rep 10 pa bench press, kenako anawauza kuti akankhe kulemera komweko mpaka atalephera. Pa avereji anafika 16. Ndiye kuti tsiku ndi tsiku ankasiya seti atatsala ndi 6, uku akuganiza kuti alimbikira.

Ine ndinazindikira zimenezi pa leg press, makina okankha ndi miyendo. Ndinafika pamene ndinkasiyira nthawi zonse, miyendo ikuotcha, koma mnzanga amene ankandiyang'anira anati, “Achimwene, chitsulocho chikuthamangabe, pitirizani.” Ndinapitiriza, ndipo ma rep amene anatuluka pamenepo anandichititsa manyazi. Kuotcha kuja, thukuta, kupuma wefuwefu ndi nkhope yakwinya sizikuuzani kuti mwafika. Chizindikiro chodalirika ndi liwiro. Pamene mwatsala ndi atatu kapena awiri, chitsulo chimayamba kukwera pang'onopang'ono chokha, inu musakufuna, ngakhale mukukankha mofulumira m'mene mungathere. Ngati rep yomaliza yakwera ndi liwiro lofanana ndi yoyamba, mudakali kutali. Jambulani seti imodzi pa foni mudzaone nokha.

Kayezedwe kake n'kotere. Sankhani masewera amene sangakupsinjeni mukalephera, monga a pa makina, a pa cable kapena a dumbbell. Pa seti yomaliza, mukafika pamene mtima ukuti “ndatsala ndi awiri”, nenani nambalayo mokweza, kenako pitirizani mpaka chitsulo chikane. Werengani kuti munatsaladi ndi angati. Chitani zimenezi kamodzi pa sabata pa masewera awiri kapena atatu, ndipo kaganizidwe kanu kayamba kulondola. Musayeserere pa bench press muli nokha popanda wokugwirirani bar, anthu afa ndi bar pakhosi. Ndipo rep imene mwaikweza pogwedeza chiuno, kudumphitsa bar pachifuwa kapena kufupikitsa mtunda isawerengedwe. Kanyamulidwe kakasokonekera, seti yathera pomwepo.

Apa palinso dzenje lina. Munthu akazindikira kuti ankadzinyengerera, amalumphira mbali ina n'kumafika polephera pa seti iliyonse, ngakhale pa squat. Ndinadutsamo. Seti yoyamba imaoneka yamphamvu, yachiwiri ma rep amatsika kwambiri, pofika yachitatu mwangotsala dzina. Patapita masabata ochepa tulo tinayamba kuvuta, mawondo ndi zigongono zikudandaula, ndipo makilogalamu amene ndinkanyamula mosavuta anayamba kundikanika. Kufika polephera kumatopetsa kuposa phindu limene kumaonjezera poyerekeza ndi kusiya mutatsala ndi imodzi kapena awiri. Ena adzakutchulirani Dorian Yates wa ku England, amene anapambana Mr. Olympia, mpikisano waukulu wa anthu okulitsa minofu, ka 6 motsatizana kuyambira 1992 mpaka 1997 akuchita maseti ochepa kwambiri ofika polephera. N'zoona, koma onani mawu akuti ochepa kwambiri. Iye sankachita maseti ambirimbiri otere, komanso anang'ambika katumba wa kutsogolo kwa mkono mu 1994 ndi wa kumbuyo mu 1997. Kwa ife enafe, polephera pasungidwe pa seti yomaliza ya masewera ang'onoang'ono.

Chachinayi, kuchuluka kwa maseti. Yambani ndi maseti olimba pafupifupi 10 pa sabata pa gulu lililonse la minofu, monga chifuwa, msana, ntchafu, ndipo muwagawe masiku awiri. Otenthetsera thupi asalowe m'chiwerengerochi. Pumani mphindi 2 kapena 3 pakati pa maseti akuluakulu. Kafukufuku wa Schoenfeld wa 2016 anapeza kuti amuna opuma mphindi 3 anakula minofu kuposa opuma mphindi imodzi, chifukwa seti yotsatira ankaiyamba ali ndi mphamvu. Kuthamanga sikufika, musachite manyazi kukhala pansi.

Ndinenepo za amalonda, popeza mukangoyamba kulimbikira amatulukira. Pali anthu oyenda ndi zikwama m'majimu, ogulitsa maufa m'zigubu zimene chidindo chake chinamatulidwa kale, ena mpaka jakisoni ndi mapiritsi a steroid amene amati ndi “mavitamini a minofu”. Simudziwa chimene chili m'kati, ndipo ma steroid amawononga mtima ndi chiwindi komanso kuchepetsa mphamvu yobereka. Maufa omwa musanayambe jimu ambiri mphamvu yake ndi caffeine basi, ngakhale amagulitsidwa modula. Ngati mukufunadi kugula kanthu, ufa wamba wotchedwa creatine monohydrate, magalamu 3 mpaka 5 pa tsiku, ndi amene anafufuzidwa kwambiri, ndipo wa chigubu chonyezimira saposa wotchipayo. Mapulotini a m'zakudya afike cha pa magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lanu pa tsiku.

Chachisanu, lembani. Kabuku kapena foni, zilibe kanthu. Ngati mukuchita ma rep 8 mpaka 12, khalani pa kulemera komweko mpaka mufike 12 pa maseti onse mutatsalabe ndi awiri, kenako onjezerani makilogalamu 2.5 n'kuyambiranso pa 8. Manambala akamakwera mwezi ndi mwezi, ndiye kuti mukulimbikira mokwanira.

Chomaliza, manambalawo akaima kapena kutsika kwa masabata awiri kapena atatu, chepetsani maseti ndi theka kwa sabata imodzi ndipo gonani maola 7 kapena kuposa. Kuphwanya kwa thupi tsiku lotsatira sikuyeza kukula kwa minofu, kumachepa mukazolowera. Ululu wobaya pa mfundo ndi nkhani ina, siyani masewerawo. Mukaona mkodzo wakuda bii ndi minofu yotupa mutachita jimu yoopsa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, impso zikhoza kukhala pangozi.