Musanabalalike, gwirizanani za laisensi

Mukakonza msonkhano kapena chikondwerero chomwe anthu azijambula zithunzi, kupeka nyimbo kapena kulakatula ndakatulo, nkhani ya laisensi, chomwe ndi chilolezo choti ena agwiritse ntchito zimene anthuwo apanga, ikambeni tsiku loyamba lomwelo. Anthu akabalalika, kuwapezanso ndi chintchito.

Chithunzi mwiniwake ndi amene wajambula, osati inu amene mwakonza mwambowo. Choncho aliyense alembe dzina lake papepala n'kuvomereza laisensi imodzi. Ine ndimakonda laisensi ya CC BY-SA 4.0 ya bungwe la Creative Commons: aliyense atha kukopera, kusintha, ngakhale kugulitsa kumene, bola atchule mwiniwake, ndipo chimene wasinthacho achigawenso pa laisensi yomweyo. Ija yokhala ndi NC, yoletsa kuchitira malonda, imakoma m'khutu, koma Wikimedia Commons, kumene Wikipedia imatengako zithunzi zambiri, sailandira.

Auzeni anzanu mosapsatira mawu kuti laisensi imeneyi sibwezedwa. Amene watenga kale chinthucho apitiriza kuchigwiritsa ntchito ngakhale mwiniwake atasintha maganizo mawa.

Komanso laisensi si chilolezo cha anthu amene akuoneka pachithunzipo. Amenewo afunseni paokha, ndipo ngati ndi ana, funsani makolo awo. Nyimbo ya eni ake ikamveka m'vidiyo yanu, iduleni musanaike pa intaneti.