Mmene ndinathetsera vuto la imelo yabodza yokhudza tikiti ya ndege

Kutatsala masiku ochepa kuti amayi anga anyamuke pa ndege kupita ku Johannesburg, analandira imelo yonena kuti ulendowo walephereka ndipo ayenera kulipira ndalama zina kudzera pa linki yomwe inali mu uthengamo kuti asataye mpando wawo. Uthengawo unkaoneka woona chifukwa unali ndi dzina lawo lonse komanso kodi yolondola ya tikiti.

Linkiyo sindinaitsegule. Ndinalemba ndekha adiresi ya webusaiti ya kampani ya ndegeyo, ndipo nditalowetsa dzina la banja ndi kodi ya zilembo ndi manambala 6 ija, ndinapeza kuti ulendo sunasinthe konse. Adiresi ya wotumiza imeloyo inkasiyana ndi yeniyeni pa chilembo chimodzi chokha.

Gwero la vutoli linali chithunzi cha tikiti chomwe wachibale wina anaika pa Facebook mwachisangalalo. Ambiri sadziwa kuti kodi ndi dzina la banja zokha n'zokwanira kuti munthu wachilendo aone zambiri za ulendo, ndipo kumakampani ena akhoza kuusintha kumene. Tinachotsa chithunzicho, tinadziwitsa kampaniyo pa nambala ya foni yomwe ili pa webusaiti yake, kenako tinasintha mawu achinsinsi a imelo ya amayi ndi kutchera kuti polowa izifunsanso nambala yotumizidwa pa foni yawo.