Momwe mungakonzekerere ulendo waufupi wokwera ngamila

Ngamila ikagwada pamchenga imaoneka yaifupi ndi yofatsa, ngati mulu wa mabulangete akale. Mukakhala pamsana pake, mwini wake n'kuilamula kuti idzuke, m'pamene mumadziwa kuti manja anu onse awiri ali ndi ntchito. Ine tsiku langa loyamba ndinali ndi foni kudzanja lamanja, botolo la madzi kumanzere, kumutu chipewa chopanda chingwe. Zonse zitatu zinathera mumchenga ngamila isanasunthe n'komwe phazi. Kuyambira pamenepo, chilichonse chimene ndikufuna kunyamula paulendo wotere ndimayamba ndachifunsa kuti: kodi undisiyira manja opanda kanthu?

Maulendo amene tikunena pano ndi aafupi aja amene alendo amakwera ku Merzouga m'dziko la Morocco, pafupi ndi mapiramidi a Giza ku Egypt, ku Wadi Rum ku Jordan, kunja kwa mzinda wa Jaisalmer m'chipululu cha Thar ku India, kapena pagombe la Cable Beach ku Broome m'dziko la Australia. Ena amatha mphindi 20, ena ola limodzi kapena awiri. M'malo onsewa mudzakwera ngamila ya linunda limodzi. Ya malinunda awiri, yaubweya wambiri ija, mukaipeza kuzipululu zozizira monga Gobi ku Mongolia.

Choyamba, funsani musanatulutse ndalama

Dziwani nthawi yonyamukira, kutalika kwa ulendo, komanso ngati pobwerera mudzakweranso ngamila kapena galimoto. Sankhani m'mawa kwambiri kapena madzulo dzuwa litapendeka. Masana dzuwa lili paliwombo mumangozunzika, nyamanso imazunzika. Funsani ngati ngamila imodzi ikunyamula munthu mmodzi kapena awiri, komanso ngati pali malire a kulemera kwa wokwera. Mtengo mugwirizane mudakali pansi, ndipo mumvane kuti ukuphatikiza kupita, kubwerera, kutsika ndi kujambulidwa. Munthu amene ali pamwamba pa ngamila sanenerera mtengo, chifukwa sangatsike yekha.

Amayi oyembekezera, anthu ovutika msana kapena chiuno, ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa ayambe alankhula ndi dokotala. Palinso matenda a m'mapapo otchedwa MERS, amene anadziwika koyamba mu 2012 ku Saudi Arabia ndipo kachilombo kake kamapezeka mu ngamila. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza anthu odwala shuga, impso, mapapo, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo n'chochepa kuti asamayandikane kwambiri ndi ngamila m'madera amene muli matendawa. Kwa aliyense, mkaka wa ngamila wosawiritsa ndi wosiya, ngakhale akupatseni mwaulemu wotani.

Chachiwiri, zovala

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti kuchipululu kotentha n'kovala zazifupi. Valani thalauzi lalitali, lotakasuka, la nsalu yopepuka koma yolimba. Chishalo cha ngamila n'chachikulu, chimakutangadzitsani miyendo kuposa cha hatchi, ndipo pamwamba pake amayalapo mabulangete okhakhala. Ubweya wa nyamayo nawonso sufewa. Ndi kabudula, pakatha theka la ola mkati mwa ntchafu mumakhala mutafiira, mawa lake madzi osamba akukulumani ngati tsabola. Jinzi yothina nayo si yabwino: msoko wake wokhuthala umakwecha malo omwewo, ndipo kuponya mwendo pamwamba pa chishalo kumavuta. Amayi amene amakonda siketi kapena diresi avale thalauzi mkati.

Kumtunda valani malaya a manja aatali, owala mtundu. Tengani juzi kapena jekete yopepuka ngakhale mukunyamuka thukuta lili kamukamu. Mpweya wa m'chipululu ndi wouma ndipo mitambo imasowa, choncho kutentha kumene mchenga wasunga masana kumathawa msanga dzuwa likangolowa. Anthu amapita akudzikupiza ndi chipewa, pobwerera mano akugundana.

Nsapato zikhale zotseka, zomanga ndi zingwe, ndi sokosi. Zishalo zambiri za alendo zilibe popondera, miyendo imangolendewera, ndiye patapata amavuka mosavuta. Akagwa, gulu lonse liyenera kuima kuti wina akatole. Komanso mchenga wamasana umawotcha mapazi.

Chipewa chikhale ndi chingwe cha pachibwano. Koma chimene sindingasiye n'komwe ndi mpango wautali wa thonje. Umaphimba mutu, khosi, pakamwa ndi mphuno mphepo ikayamba kuulutsa mchenga. Ngamila ili ndi nsidze zazitali za mizere iwiri ndi mphuno zotha kutsekeka zokha. Inu mulibe zimenezo. Mukapempha otsogolera ulendo, ambiri amakumangani mpangowo mwaluso m'kanthawi kochepa. Onjezani magalasi adzuwa. Amene mumavala ma contact lens, timagalasi toika m'diso mwenimweni, tsiku limeneli valani magalasi wamba, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kakalowa kunsi kwake ulendo wonse wasanduka misozi.

Chachitatu, kachikwama

Sutikesi ndi chikwama chachikulu zitsale kumene mukugona kapena m'galimoto. Tengani kachikwama kakang'ono ka kumsana, kapena kolendewera pachifuwa, kokhala ndi zipi. Chikwama cholemera kumsana chimakukokerani kumbuyo ngamila ikamadzuka, ndipo cha paphewa limodzi chimangotsetsereka.

M'katimo muike madzi, pafupifupi lita imodzi pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri, m'botolo lotseka bwino. Linunda la ngamila si thanki ya madzi monga ambiri amaganizira, muli mafuta, koma nyamayi imathadi masiku osamwa. Inuyo musayesere. Muikenso mafuta oteteza khungu ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposerapo, mafuta a milomo, tishu, sanitayiza, mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku, ndi ndalama zing'onozing'ono zothokozera wokoka chingwe. Ngati mubwerera kutada, katochi ka pamphumi n'kabwino kuposa tochi ya pafoni, chifukwa sikafuna dzanja. Pasipoti musiye potetezeka, munyamule kope lake, pokhapokha ngati akuuzani kuti panjira pali pofunika kuionetsa.

Foni ndi kamera zili ndi adani awiri: kugwa ndi mchenga. Zimangeni kachingwe ka padzanja kapena ka pakhosi, ndipo pamene simukujambula zikhale m'kapepala kapulasitiki kotseka. Mchenga wa m'zitunda monga za Erg Chebbi ku Merzouga, zimene zina zimatalika mpaka mamita 150, ndi wosalala ngati ufa, umalowa pochajira foni ndi m'malo ozungulira a kamera. Lens ya kamera musasinthire panja. M'matumba a thalauzi musasiyemo kanthu, makamaka akumbuyo. Makiyi ndi ndalama zachitsulo zimasolotoka pang'onopang'ono ndi kugwedezeka kuja, ndipo chinthu chikagwa mumchenga wotere kuchipeza ndi mwayi.

Chachinayi, mphindi zomaliza muli pansi

Pitani kuchimbudzi, pamwamba paja palibe poimira. Idyani mopepuka, ndipo ngati galimoto kapena boti limakuchititsani nseru, imwani mankhwala ake nthawi idakalipo. Dzolani mafuta a dzuwa mphindi 15 mpaka 20 musananyamuke, osaiwala makutu, kumbuyo kwa khosi ndi pamwamba pa manja, pamene padzakhale padzuwa ulendo wonse mutagwira chishalo.

Kenako iyang'aneni nyama imene akukupatsani. Ngati ili ndi zilonda m'mbali mwa chishalo kapena pamphuno, ikutsimphina, nthiti zili pamtunda, kapena akuimenya kuti idzuke, kanani ndipo pemphani ina kapena chokanipo. Kulira kwake kokha kusakuopseni, ngamila imang'ung'udza ngakhale zonse zili bwino. Iyandikireni cham'mbali, mwini wake ali pomwepo. Musadutse kumbuyo kwake, pakuti imaponya mwendo kumbuyo ndi m'mbali momwe. Nkhope yanu musaiyandikize kukamwa kwake pofuna chithunzi: imaluma, ndipo ikakwiya imalavula zochokera m'mimba, zonunkha zedi.

Chachisanu, kukwera

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Foni ilowe m'chikwama, zipi itsekedwe. Dikirani mpaka mwini ngamila atagwira chingwe n'kukuuzani kuti kwerani. Ponyani mwendo kamodzi, mosazengereza, chifukwa ngamila zina zimayamba kudzuka zikangomva kulemera pamsana. Mukakhala, gwirani chogwirira cha kutsogolo kwa chishalo ndi manja onse awiri, mikono yowongoka, ndipo pendamirani kumbuyo ndithu.

Chifukwa chake n'chakuti ngamila imatukula kaye thako. Miyendo yakumbuyo ikawongoka yakutsogolo idakapindika, msana wake umatsetserekera kutsogolo, ndipo amene wakhala chilili amakagwera pakhosi pake. Ikayamba kuwongola yakutsogolo, bwererani kutsogolo pang'ono. Ngamila zina zimayamba ndi kakugwedeza kakang'ono kokukankhirani kumbuyo zisanatukule thako, ndiye musamasule manja mpaka itaima njo. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, ndipo mumapezeka muli pamwamba pafupifupi mamita 2 kuchoka pansi, anthu mukuwaonera pamutu.

Ikayamba kuyenda mudzamva kuti simukudumpha ngati pahatchi, mukupendekera uku ndi uku. Ngamila imasuntha miyendo iwiri ya mbali imodzi nthawi imodzi, kenako iwiri ya mbali inayo. Musalimbane nako kuyenda kumeneku. Mukaumitsa thupi, msana ndi ntchafu zimatopa msanga. Masulani chiuno chizitsatira nyamayo. Pokwera chitunda weramirani kutsogolo, potsetsereka pendamirani kumbuyo ndipo gwiritsitsani, popeza mapazi ake amatitimira mumchenga mosayembekezereka. Kujambula kuchitike pamalo athyathyathya, ndi dzanja limodzi, linalo lili pachishalo. Chithunzi chabwino kwambiri amajambula ndi amene ali pansi, choncho mupatseni foni wotsogolera gulu likaima. Mwendo ukachita dzanzi kapena chishalo chikayamba kupendekera mbali imodzi, nenani msanga. Ngamila zimamangidwa mondondozana, ndipo ya kumbuyo kwanu ikhoza kubweretsa mutu wake pafupi ndi bondo lanu. Musakuwe kapena kuikankha, ingoisiyani inunkhize.

Chomaliza, kutsika

Ambiri amagwa pano, poganiza kuti ulendo watha. Pogwada ngamila imayamba ndi miyendo yakutsogolo, ndipo imachita mwadzidzidzi. Mukangoona wokoka chingwe waima n'kutembenukira kwa nyamayo, bwezerani foni m'chikwama, gwirani ndi manja awiri, pendamirani kumbuyo monga munachitira poyamba. Kenako thako limatsika, nyama n'kukhazikika pansi. Musadumphe isanakhazikike, ndipo dikirani akuuzeni.

Mapazi akafika pansi, imani kaye pang'ono mutagwira chishalo, chifukwa miyendo imakhala ngati si yanu. Sambani m'manja ndi sopo kapena pakani sanitayiza musanagwire chakudya kapena kutikita m'maso. Nsapato ndi sokosi mukutumulire panja musanalowe m'galimoto, ndipo thalauzi lija muliike m'pepala lakelake. Fungo la ngamila likalowa m'sutikesi limagwira zovala zonse.