Mukufuna ntchito ya muofesi pa yunivesite kuno ku Joni? Yambani chonchi

Abale anga amene muli ndi digiri ya ku Chanco, Mzuni kapena LUANAR koma mukuvutika ndi maganyu kuno ku Johannesburg, dziwani kuti pa yunivesite sipagwira malekichala okha ayi. Pali olembetsa ophunzira, oyendetsa mayeso, a ku international office, ma faculty officer, mpaka kukafika kwa Registrar. Ineyo zimandiwawa ndikaona munthu akukongola ndalama ya masters asanapondeko n'komwe muofesi zimenezi.

Choyamba ndi SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro kuno ku South Africa. Digiri yakumudzi iyenera kuunikidwa ndi iwowa kuti anene ili pa levulo yanji ya NQF, muyezo wa kuno wa mapepala a maphunziro. Digiri wamba ya kuno ndi levulo 7, honours kapena postgraduate diploma ndi 8, masters 9, PhD 10. Tumizani msanga setifiketi ndi transcript, zimatenga nthawi, musadikire mpaka ntchito italengezedwa.

Chachiwiri ndi pemiti, ndipo apa tisanamizane. Malamulo a kuno amaika patsogolo eni nthaka, general work visa, chilolezo chogwirira ntchito, siyapafupi kuipeza, ndiye pa ntchito ya muofesi ndi phiri ndithu. Amene muli ndi permanent residence mwayi wanu ndi waukulu. Amene muli pa study visa mumaloledwa kugwira maola 20 pa sabata, ndiye musawanyoze maolawo, khomo lanu ndi limenelo.

Kenako lowani ngakhale ndi ntchito yaing'ono. Januwale ndi Febuluwale nthawi ya registration kumakhala piringupiringu ku Wits ku Braamfontein komanso ku UJ (University of Johannesburg), kaya ku Auckland Park, Doornfontein kapena Soweto, ndipo kumafunika manja ambiri. Muzisuzumira tsamba la vacancies pawebusaiti yawo sabata iliyonse. Excel muyidziwe bwinobwino, mudziwenso HEMIS, njira imene mayunivesite amatumizira ziwerengero za ophunzira ku boma, komanso muphunzire kuyankhula modekha ndi mwana amene akulira chifukwa dzina lake silikuoneka mu sisitimu.

Tsopano za sukulu. Tengani malonda a ntchito imene mukuilakalaka zaka zikubwerazi muone akufuna pepala lanji. Ngati alemba levulo 7 ndi luso la zaka zingapo, masters sikuthandizani panopa, chikusowa ndi lusolo. Ngati ndi levulo 8, postgraduate diploma ya management ikukwanira ndipo ku Unisa mutha kuphunzira muli pantchito. Masters muyiganizire pamene mukufuna kukhala mkulu wa dipatimenti, PhD ndi ya amene mtima wawo uli pa kafukufuku.

Musanalipire fizi funsani ku HR, ofesi yoona za antchito, mayunivesite ambiri amachotsera fizi antchito awo okhazikika. Funsaninso za mtengo wa ophunzira a m'maiko a SADC, poti Malawi ali momwemo, ndipo akuuzeni ndalama zonse zoonjezera musanasaine kalikonse.