Kuletsa Otsatsa Malonda Kukutsatirani pa Chrome

Kuti makampani asatsatire masamba a pa intaneti amene mukutsegula ndi pulogalamu ya Chrome pa foni ya Android, yambani mwaonetsetsa kuti mukukumbukira mawu achinsinsi a maakaunti anu.

1. Tsegulani Chrome, ndipo dinani timadontho titatu tomwe tili pamwamba kudzanja lamanja.
2. Sankhani Settings, kenako Privacy and security.
3. Lowani pa Third-party cookies n'kusankha Block third-party cookies, popeza timafayilo timeneti ndi timene otsatsa malonda amakuzindikirirani mukachoka patsamba lina kupita pa lina.
4. Bwererani pa Privacy and security, lowani pa Delete browsing data, sankhani All time, chongani Cookies and site data, kenako fufutani.

Ambiri amalakwitsa pagawo lachinayi, chifukwa kufufutako kumakutulutsani m'masamba ambiri amene munalowamo, ndipo amene waiwala mawu achinsinsi amavutika kulowanso.