Bokosi la scope lisungeni, koma scope isagonemo

Anzanga amene muli ndi scope ya mfuti (kachida ka magalasi koonera patali komangirira pamfuti), ma binoculars kapena lens ya kamera, katoni imene chidacho chinabweramo musakolezere mbaula. Kuno ku Blantyre chida choterechi chikawonongeka mkati, kawirikawiri chimafunika kutumizidwa kunja, ndipo panjira palibe chimene chimachiteteza kuposa siponji ya m'katoni ija yodulidwa molingana ndi thupi lake. Makampani opanga ma scope ndi ma binoculars ngati Leupold ndi Vortex amapereka waranti ya moyo wonse, ndiye ulendo umenewu ukhoza kudzafunika patapita zaka zambiri. Komanso tsiku logulitsa, wogula akaona kuti serial number (nambala yozindikirira chidacho) ya pabokosi ikufanana ndi ya pa scope, mtima wake umakhala m'malo, sanenerera mtengo kwambiri.

Koma scope yeniyeniyo musaisiye mmenemo. Kuyambira Novembala mpaka Epulo katoni imayamwa chinyezi, chuku n'kuyamba kumera pagalasi ngati timizu toyera, ndipo chikakhalitsa chimasiya zipsera zosapukutika. Ikani scope m'chidebe chotseka bwino, muponyemo timapaketi ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi. Bokosilo likhale pamwamba pa wadiropu, osati pansi pomwe chiswe chimafika.