Momwe mungakwerere Kilimanjaro mpaka pa madzi oundana a pamwamba

Pansonga pa Kilimanjaro, pa Uhuru Peak, ndi mamita 5,895. Sapitwa wathu ndi 3,002. Amene wagonapo pa Mulanje miyendo ali nayo kale. Chimene alibe ndi thupi lozolowera mpweya wochepa, ndipo anthu ambiri amabwerera panjira chifukwa cha chimenechi.

Pitani pakati pa June ndi October, kapena January ndi February. April ndi May ndi matope okhaokha. Pa pasipoti ya Malawi simufuna viza: mudzera pa Songwe, kugona ku Mbeya, kenako basi ya tsiku lathunthu mpaka ku Moshi, tauni ya m'munsi mwa phirili ku Tanzania. Majumbo a pulasitiki asiyeni kumudzi, Tanzania inawaletsa mu 2019.

Simuloledwa kukwera nokha, muyenera kudzera ku kampani yokhala ndi chilolezo. Sankhani njira ya Machame ya masiku 7, osati 6, ngakhale wogulitsayo akunyengerereni kuti mupulumutsa ndalama. Zolipira ku paki ya phirili zokha pa masiku amenewa zimayandikira madola 1,000 mukaphatikiza msonkho. Tsono wina akakutchulirani madola 1,200 pa zonse, dziwani kuti wadula chakudya ndi malipiro a amtengatenga, ndipo tenti yake idontha. Funsani ngati kampaniyo ili m'ndondomeko ya KPAP yoteteza amtengatenga, ndipo musatumize ndalama yonse kwa munthu amene mwangokumana naye pa Facebook. Padera sungani madola 200 mpaka 300 othokozera gulu lonse potsika. Madola kusowa kwake mukukudziwa, yambani kusaka msanga.

Jekete lochindikala ndi sleeping bag mutha kubwereka ku Moshi, koma yesani zipi musanalipire. Nsapato ayi. Gulani zanu, ngakhale za pakaunjika bola zisalowe madzi, muziyendere mwezi wathunthu.

Masiku oyamba ndi osavuta: nkhalango, Machame Camp, Shira. Tsiku lachitatu mukwera mpaka Lava Tower pa mamita 4,600, n'kutsikanso kukagona ku Barranco, pafupifupi 3,950. Ena amadandaula kuti n'kutaya mphamvu, koma umu ndi momwe thupi limaphunzirira: kukwera masana, kugona mmunsi. Imwani malita 3 kapena 4 patsiku. Otsogolera akamati pole pole, kutanthauza pang'onopang'ono, amverani. Za mankhwala a Diamox, othandiza thupi kuzolowera mpweya wochepa, kambiranani ndi dokotala musananyamuke. Amakodzetsa kwambiri ndipo zala zimachita dzanzi.

Pamene zinthu zimasokonekera ndi usiku wokwera pansonga. Ku Barafu, msasa womaliza musanafike pansonga, pa mamita pafupifupi 4,670, mumadya madzulo, kugona pang'ono, n'kunyamuka cha m'ma 12 usiku. Kuzizira kumatha kufika madigiri 15 pansi pa ziro, mphepo ikawonjeza zimaposa apo. Choyamba kufa ndi madzi. Chikwama cha madzi chokhala ndi paipi yoyamwira chimaundana paipiyo musanathe ola lachiwiri, ndipo mukhala ndi malita awiri kumsana osamweka. Thirani madzi otentha m'botolo lolimba la kukamwa kwakukulu, muliveke sokosi yaubweya, muliike chozondoka. Madzi amayamba kuundana kumtunda, choncho likazondoka chivundikiro chimatsegukabe. Ngati paipi simungaisiye, puziranimo mpweya mukangomwa kuti madzi abwerere. Munthu wosamwa mutu umamuwawa msanga, ndiye sadziwanso ngati ndi ludzu kapena phiri lamugwira.

Mabatire nawo amatha ndi chisanu. Ikani atsopano mu tochi ya pamutu muli mu tenti, osati panjira ndi zala zouma, ndipo foni ikhale m'thumba lamkati pafupi ndi chifuwa. Magolovesi awiri, opyapyala mkati. Popuma musapitirire mphindi 5, ndipo musagone pamwala ngakhale tulo tikukokeni bwanji. Idyani kachidutswa kalikonse poima. Chokoleti chimauma ngati mwala, mtedza ndi mabisiketi ndiye bwino.

Mutu ndi mseru pang'ono pafupifupi aliyense amazimva. Koma mnzanu akayamba kudzandira ngati woledzera, kulankhula zosagwirizana, kupuma mobanika ali chikhalire kapena kutsokomola thovu, palibe zokambirana. Atsike nthawi yomweyo ndi wotsogolera wothandizira, osadikira kuche. Madzi m'mapapo kapena kutupa kwa ubongo kumapha m'maola ochepa. N'chifukwa chake kampani yotumiza wotsogolera mmodzi pa anthu anayi ndi yoikana.

Pakatha maola 6 kapena 7 muli pa Stella Point, pafupi ndi nsonga, dzuwa likutuluka, madzi oundana a Rebmann Glacier ali chakumanzere. Ola lina mwafika pa Uhuru. Valani magalasi akuda, madzi oundana amathobwa maso. Madzi oundanawa akuchepa chaka ndi chaka. Kuyambira 1912 oposa magawo 80 pa 100 anasungunuka. Jambulani, mphindi 15 zakwana.

Potsika ndi mchenga wamiyala mpaka Barafu, kupuma pang'ono, kenako Mweka Camp tsiku lomwelo. Mawondo alira, ndodo zithandiza. Wengani zikhadabo za kuphazi musanakwere. Mawa lake satifiketi pa geti, ndipo ndalama yothokoza ija muipereke pamaso pa gulu lonse, osati m'manja mwa munthu mmodzi.